Mtima Wolemedwa pa Nyengo ya Chisanu

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kulemedwa kwa mtima pa miyezi ya chisanu, ndi za thandizo limene munthu alipeza pokhala pansi pamodzi ndi anzake.

Chisanu tichidziwa tonse. Chiyamba kumveka m'mwezi wa Meyi, ndipo pofika Juni ndi Julayi chimakhala chitakhwima. Ku Mulanje ndi ku Thyolo kugwa chiperoni, mvula ija yamawawa yodza ndi nkhungu kuchokera cha ku Mozambique, imene ikhoza kubisa dzuwa masiku angapo. Pa nyanja pakuntha mwera, ndipo asodzi akokera mabwato pamtunda. Ku Dedza, ku Nyika, ku Marondera ndi m'madambo ambiri a ku Zambia kumacha udzu uli mbuu. Mwana akana kusamba, nkhalamba itsata dzuwa kuzungulira nyumba, ndipo aliyense afulumira kutseka chitseko dzuwa likangolowa.

Thupi likazizidwa, mankhwala ake ngodziwika: gombeza, moto ndi phala lotentha. Koma alipo ena amene pa nyengo yomweyi azilala ndi mtima womwe. Munthu amene kale anali wokonda kucheza ayamba kuyankha ndi mau amodziamodzi. Nsima aisiya m'mbale. Tulo timthawa pakati pa usiku, ndipo atambala akamalira iye ali maso, kuwerenga ngongole zake ndi maliro ake. Mukamfunsa, ati, "Ndiri bwino, koma mutu ndi msana." Ife timati munthu wotere ali ndi maganizo, Ashona ati kufungisisa, ndiko kuganiza kopitirira muyeso. Madotolo aiyesa nthenda monga nthenda zina, pakuti ikakula imlepheretsa munthu kulima, kulera ana, ngakhale kumwa mankhwala amene anapatsidwa ku chipatala, ndipo ena iwafikitsa pa kudzipha.

Ku maiko a kumpoto kwa dziko lapansi mtundu wina wa nthenda imeneyi uyenda ndi nyengo moonekeratu. Dotolo wina, Norman Rosenthal, wobadwira ku Johannesburg, anasamukira ku America m'chaka cha 1976, ndipo chisanu cha ku New York chinamdabwitsa: mphamvu zinamthera, nchito inamlemera, koma masiku atayamba kutalika anapezanso bwino. M'chaka cha 1984 iye ndi anzake analemba za anthu amene agwidwa ndi chisoni chachikulu chaka ndi chaka pa miyezi ya mdima, nagona kopitirira, nathawa anzao. Ndipo anaonetsa kuti kukhala patsogolo pa nyale yowala kwambiri tsiku ndi tsiku kuthandiza ambiri a iwo. Gwero lake ndi kuchepa kwa kuwala. Ku London m'mwezi wa Disembala, umene uli mkati mwa chisanu chao, usana sukwana maola 8, kotero kuti abale athu amene agwira nchito kumeneko atuluka m'nyumba kuli mdima, nabwerera kulinso mdima.

Kwathu kuno si kotero, ndipo ndikadakunamizani ndikadati dzuwa litisowa monga liwasowa iwo. Ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Harare, tsiku lalifupi koposa, cha pa 21 Juni, liri ndi maola 11 a usana ndi mphindi zingapo pamwamba. Chimene chitipweteka ife ndi chitseko chotseka, ndi usiku wautali wa munthu amene ali yekha. Pa dzinja munthu sakhala ndi mpata wosinkhasinkha. Khasu limdzutsa m'mamawa, ndipo madzulo agona ngati chipika. Koma zokolola zikalowa m'nkhokwe nchito ichepa, ndipo ndi pamene choonadi cha chaka chioneka. Amene anakolola ngolo ziwiri m'malo mwa zisanu adziwiratu mu Juni kuti njala idzamgogodera mu Januwale. Amene anagulitsa fodya kapena mtedza pa mtengo wogwa aona kuti ngongole ya feteleza ikali chiimire. Wamasiye amene mwamuna wake anamwalira pa nthawi ya mvula, anthu odzapepesa atha tsopano, ndipo watsala yekha pa mphasa imene anagonapo awiri.

Makolo athu sanadziwe mau a madotolo, koma moto wa chisanu sanali kuuothera payekhapayekha. Amuna anali kusonkhana pa bwalo, wina kusema mpini, wina kuluka mphasa. Amai anali kutong'ola chimanga ndi kusenda mtedza, mbatata ziri m'phulusa. Zinamwali, magule ndi mowa wokumbukira akufa zinali kudza pa nyengo yomweyi, chakudya chiripo ndipo minda yapuma. Ndipo panali nthano. Wokamba akati, "Padangotero," omvera onse ayankha, "Tiri tonse," nabwereza yankho lomwelo pa mpumulo uliwonse kufikira nthano itatha. Taganizani za mau awiriwa. Mulibe uphungu m'menemo, mulibe chiweruzo; angomuuza wolankhulayo kuti apitirire, pakuti makutu alipo. Sindinena kuti bwalo lakale linali lachifundo kwa onse. Bwalo lomwelo linali kuseka wosabala ndi kuloza chala nkhalamba kuti ndi mfiti. Koma munthu akasowa pa moto masiku awiri, anzake anali kuona malo ake opanda munthu, natuma mwana kukaona ngati kuli bwino. M'matauni moto uja unagawika kukhala mbaula zing'onozing'ono, iriyonse m'chipinda chake, ndipo munthu akhoza kudzitsekera mwezi wathunthu popanda womfunsa.

Tsono ndikuuzeni zimene zinachitika ku Harare, pakuti kumeneko nzeru yakale ija inayesedwa ndi miyeso ya madotolo. M'mwezi wa Meyi 2005, chisanu chikuyamba, boma la Zimbabwe linayamba kugwetsa nyumba ndi misika imene linati inamangidwa popanda chilolezo. Nchitoyo inatchedwa Murambatsvina, ndiko kukana zonyansa. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mai Anna Tibaijuka a ku Tanzania, inalemba mu Julayi chaka chomwecho kuti anthu ngati 700,000 anataya nyumba zao, kapena nchito zao, kapena zonse ziwiri. Mabanja anagona panja pakati pa Juni, ana atafunda mapepala ndi masaka. Anauzidwa kuti abwerere kumudzi. Koma pakati pao panali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, amene makolo ao anadza kale kudzagwira nchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za Azungu, ndipo iwowa analibe mudzi m'dzikomo woti abwerereko.

Dotolo wa nthenda za maganizo, Dixon Chibanda, anali kugwira nchito mumzindamo pa nthawiyo. Madotolo a mtundu wake anali ochepa ndithu. Ngakhale patapita zaka khumi anali ngati 12 okha m'dziko lonse. Iye mwini asimba kuti chaka chomwecho mtsikana wina amene anali kumchiza anadzipha kumudzi kwao, ndipo atafunsa chifukwa chimene sanabwere naye ku chipatala, mai wake anati analibe ndalama ya basi. Dotoloyo anaona kuti kudikira odwala m'chipatala chachikulu kuli ngati kutchera msampha kumene nyama sizipita. Atapempha thandizo kwa akulu oyang'anira za umoyo mumzinda, sanampatse anamwino kapena zipinda, pakuti zonse zinali ndi nchito kale. Anampatsa agogo aakazi 14, amene anali kuyenda m'makomo kuphunzitsa za ukhondo, ndi malo a panja pa kiliniki ya ku Mbare. Mbare ndi dera lija lakale limene agogo athu opita ku Halale analidziwa ndi dzina la Harare, pamene mzinda wonse unali kutchedwa Salisbury. Kumeneko, m'chaka cha 2006, anaika benchi lathabwa pansi pa mtengo.

Poyamba analitcha benchi la nthenda za maganizo, ndipo anthu analilambalala, pakuti ndani afuna kuonedwa atakhala pa mpando wa amisala? Agogo aja ndiwo anati dzinalo lisinthe. Linakhala Friendship Bench, benchi la chibwenzi. M'Chishona ati Chigaro Chekupanamazano, mpando wopatsirana nzeru. Agogowo anakananso mau ovuta a m'mabuku, naika ao atatu: kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo, kusimudzira, kudzutsa wogwa, ndi kusimbisa, kulimbikitsa.

Kachitidwe kake nkotere. Munthu wodza ku kiliniki afunsidwa mafunso 14 a m'Chishona onena za tulo, za misozi, za nkhawa ndi zina zotere. Akaoneka kuti walemedwa, akakhala pa benchi ndi gogo mmodzi, ndipo akomana kufikira kasanu ndi kamodzi. Gogoyo amvetsera, nabwereza zimene wamva, kufikira mavuto onse atayalidwa poyera monga nyemba pa lichero. Pamenepo mwini wake asankha vuto limodzi lokha loyamba nalo. Pano mpamene agogo anavutika kuphunzira, pakuti munthu wamkulu azolowera kulangiza. Koma lamulo la benchi nlakuti njira aipeze mwini vuto, ndipo gogo angomthandiza ndi mafunso. Nthawi zambiri vuto limene munthu asankha si limene womvera akadasankha. Mkazi wodwala, amene mwamuna wake anamthawa, akhoza kuyamba ndi fizi ya mwana. Ndipo akapeza njira ya fiziyo ndi nzeru zake, aona kuti manja ake akali ndi mphamvu yogwira zinazo.

Atakhala pa benchi kanai, munthu aitanidwa kulowa m'gulu lotchedwa Circle Kubatana Tose, ndiko kuti bwalo logwirana manja tonse. Liu lija la nthano zathu mwalimvanso: tose, tonse. Gululi likomana kamodzi pa sabata, ndipo otsogolera ake ndi anthu amene iwo eni anakhalapo pa benchi kale ali ndi misozi. Akhala mozungulira, nalankhula mosinthana, manja ali pa nchito: aluka zikwama ndi timatumba ta pulasitiki totayidwa, nazigulitsa.

Kodi zithandizadi, kapena ndi nkhani yokoma chabe? Anaziyesa. M'makiliniki 24 a mu Harare anatenga anthu 573. Makiliniki ena anapereka benchi ndi gulu. Ena anapereka chithandizo cha masiku onse, pamodzi ndi kumfotokozera wodwala za nthenda yake. Zotsatira zinasindikizidwa mu Disembala 2016 m'magazini ya madotolo ya ku America yotchedwa JAMA. Patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse a ku benchi, ngati 14 anali akali ndi zizindikiro za chisoni chachikulu. Mwa enawo anali 50. Chilungamo chifuna kuti ndinene zinthu ziwiri. Muyesowo sunali wa chisanu chokha, koma wa nyengo iriyonse. Ndipo unayesa benchi ndi gulu pamodzi, kotero sitingathe kugawa kuti gawo ili ndi la gogo, ili ndi la anzake a m'bwalo. Chinkana ziri tero, kusiyana kwa 14 ndi 50 nkwakukulu, ndipo nchifukwa chake nchitoyi inafalikira m'Zimbabwe monse, nifika ku Malawi, ku Zanzibar, ngakhale ku New York komwe.

Nanga mphamvu ya gulu igona pati? Maganizo a munthu wokhala yekha ayenda ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo: azungulira, nazunguliranso, napondereza malo amodzi kufikira udzu utatha. Munthu akanena vuto lake mokweza pamaso pa ena, ayenera kulipatsa poyambira ndi pothera, ndipo chinthu chokhala ndi pothera sichiopsa monga mtambo wopanda malire umene unali m'mutu usiku. Ndiponso chisoni chiri ndi bodza lake limene chinong'oneza aliyense, lakuti, "Ndiwe wekha, anzako onse zinthu ziwayendera." Bodzali silikhalitsa m'bwalo. Mai amene anabisa kwa zaka kuti amwa mankhwala otalikitsa moyo amva mnzake akutchula zomwezo poyera, mutu uli chiriri, ndipo katundu wa manyazi atsika ngakhale asanatsegule pakamwa.

Palinso china chimene chioneka chaching'ono, koma pa nyengo ya chisanu ndicho chachikulu: tsiku loikika. Mtima wolemedwa umuuza munthu kuti adikire kufikira atamva bwino, ndipo pamenepo adzatuluka. Madotolo anapeza kuti zinthu ziyenda mosemphana ndi pamenepo: munthu ayamba watuluka, nachita kanthu, ndipo kumva bwino kutsatira pambuyo. M'mawa wa Julayi gombeza likoma, ndipo akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Koma amene adziwa kuti Lachitatu anzake amdikira, asamba, navala, nayenda padzuwa. Ndipo kusamba, kuyenda ndi dzuwa ndi mankhwala kale iye asanafike. Nchito ya manja nayo iri ndi ubwino wake. Nkovuta kuulula za mumtima anthu akukupenyetsetsa. Nkosavuta pamene maso a onse ali pa chikwama kapena pa lichero. Ndipo kandalama kotuluka m'nchitoyo, chinkana kachepe, kayankha mbali ina ya vuto, pakuti chisoni chambiri cha kwathu kuno chiyenda ndi umphawi.

Kukula kwa munthu kuoneka pambuyo pake, ndipo kudza mosayembekezeka. Tsiku lina kufika mlendo m'bwalo, maso ali pansi, osatha kunena ngakhale dzina lake, ndipo uja amene miyezi iwiri yapitayo anali wotero yemwe ndiye amsendezera mkeka, namuuza kuti, "Khalani pano, mai, lero mungomvera." Munthu amene anadziyesa katundu wa anzake apeza kuti tsoka lake lamphunzitsa chinthu chimene wina achisowa. Ine ndiyesa kuti mphindi imeneyo ipambana uphungu wonse umene analandira.

Amene mufuna kuyamba bwalo lotere m'mudzi, m'komboni kapena pa mpingo, simusowa ndalama kapena nyumba. Anthu asachuluke, akapitirira khumi, amanyazi sapeza mpata. Sankhani tsiku limodzi ndi ola limodzi, ndipo musasinthe ngakhale abwere atatu okha. Ndikadasankha masana, pamalo pobisika mphepo pamene dzuwa lifika, pakuti usiku amai ambiri sangathe kusiya ana. Mukakomana m'nyumba ndi mbaula, zenera kapena chitseko chikhale chotsegula, chifukwa mpweya wa makala ulibe fungo ndipo upha anthu m'chisanu chirichonse. Aliyense alankhule pa nthawi yake popanda womdula, ndipo asanabalalike anene kanthu kamodzi kamene adzachita sabata imeneyo, kakang'ono kotheka, monga kukaonana ndi mwini ngongole kapena kufesa mbeu za mpiru ku dimba. Sabata yamawa anzake adzamfunsa m'mene zinayendera.

Mdani wamkulu wa bwalo ndi miseche. Mau amodzi akangomveka ku chitsime kapena ku chigayo, bwalo latha, ndipo amene anaulula abwerera m'nyumba ali ndi bala loposa loyamba. Chifukwa chake pangano la chinsinsi linenedwe mokweza pa msonkhano uliwonse, osatopa nalo. Mdani wachiwiri ndi munthu wabwino mtima amene ali ndi yankho la zonse, amene mnzake asanathe kunena wayamba kale kumlalikira kuti alimbe mtima, pakuti ena aona zoposa. Womuuza wachisoni kuti alimbe mtima afanana ndi womuuza wamalungo kuti aleke kunjenjemera. Wotsogolera amletse mwaulemu, ngakhale akhale mkulu wa mpingo kapena mkazi wa mfumu.

Za amuna ndiyenera kunena mosabisa. Mwa anthu 573 aja a ku Harare, 86 pa 100 alionse anali akazi. Koma malipoti a polisi ku Malawi aonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha ndi amuna. Mwamuna anaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti salira, ndipo bwalo limene alidziwa ndi la mowa. Bwalo la mowa lifanana ndithu ndi limene tikunenali: pali moto, pali anzake, pali kuseka. Koma kachasu agonetsa maganizo usiku umodzi, nawadzutsa m'mawa ali okulirapo, ndalama ya ufa itapita. Mukaitana amuna kuti adzakambe za mumtima, sadzabwera. Aitaneni ku bawo, ku kusoka ukonde pamene mwera waletsa kulowa m'madzi, ku kuumba njerwa za mnzao amene nyumba yake inagwa ndi mvula, ndipo pakhale mmodzi wolimba mtima woyamba kunena kuti, "Ine chaka chino sindigona." Kawirikawiri wachiwiri sachedwa.

Inu amene muli kutali, ku Johannesburg kapena ku Britain, kumene chisanu chiluma koposa ndipo wachibale ali patali, foni ithandiza, ndipo a Friendship Bench omwe anayamba kulankhula ndi anthu pa WhatsApp pa nthawi ya mliri wa korona mu 2020. Koma ngati alipo anzanu pafupi, phikani nsima pamodzi tsiku limodzi pa sabata, ndipo masana, chinkana kukhale mitambo, tulukani panja.

Bwalo liri ndi malire ake, ndipo agogo a ku Mbare anaphunzitsidwa kuwadziwa. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, akagawa katundu wake popanda chifukwa, akaleka kudya masiku angapo, kapena akamva mau amene ena sawamva, imeneyo si nkhani yodikira Lachitatu. Mfunseni molunjika ngati aganiza zodzipha. Kufunsa sikumpatsa maganizowo, ndipo ambiri apepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, musamsiye yekha; chotsani chingwe ndi mankhwala a mbeu kapena a makoswe m'nyumbamo, ndipo mumperekeze ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti alipo mankhwala ndi anamwino a nthenda zimenezi.

Ndipo wina akasowa pa bwalo popanda uthenga, musati wanyada kapena watopa nafe. Nthawi zambiri wosowayo ndiye amene nthenda yamgwira koposa. Awiri apite kwao dzuwa lisanalowe, atanyamula kamtolo ka nkhuni. Mwina sadzatsegula msanga, mwina adzati ali bwino, mutu wokha. Musamkakamize kulankhula. Kolezani moto pakhonde, otchani mbatata ngati iripo, khalani naye pang'ono, ndipo pochoka mumuuze kuti Lachitatu m'mawa mmodzi wa inu adzamdzera.